Nambala Yachinayi Inali Yanga

Lachitatu madzulo, dzuwa likadalipo, titangomaliza kupemphera korona pabwalo la kwathu ku Bangwe, bambo Laurenti anatsegula bokosi la chifanizo cha Amayi Maria n'kutulutsamo foni ya limana lathu. Anandipatsa ine, monga mwa masiku onse, kuti ndiwerengere anthu mameseji a ndalama zimene zalowa.

Ndinatsegula meseji yomaliza. Ndinaiwerenga chamumtima kawiri. Kenako ndinangoima, foni ili m'manja, anthu makumi atatu akundiyang'ana.

“Werengatu, Ursula,” anatero mayi Sophie. “Kapena zachuluka mpaka zakuzunguza mutu?”

Meseji ija sinali ya ndalama zolowa. Inkati dzulo lake, Lachiwiri, nthawi ya 10:40 m'mawa, munthu anatapa K350,000 kwa ejenti wa pamsika. Zotsala sizikanagula ndi lata limodzi lomwe.

Ndiyambe ndaulula kuti nzeru yonseyi inali yanga. Limana lathu, kagulu ka mabanja achikatolika a mbali yathu ino, lili ndi sukulu ya mkombaphala kuseri kwa msika, ndipo denga lake linasasuka ndi mphepo ya mu Malichi. Ana makumi asanu ankaphunzira pansi pa lona. Mbale ya chopereka inazungulira miyezi inayi osakwanitsa ndi misomali yomwe. Ine ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4 chaka chimenecho cha 2018, ndipo kusukulu ndinali nditaonapo aphunzitsi akusonkhetsa ndalama za mabuku pa intaneti. Sindinanene pagulu. Ine pagulu mawu amandithera pakhosi. Ndinakanong'oneza mayi Angela, amayi anga a ubatizo, amene anandilipirira fizi kuyambira Fomu 1 bambo anga atamwalira. Iwo ndi amene anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti, “Mwana wangayu ali ndi mawu. Mumumvere.”

Ndiye ndinajambula lona lija ana ali pansi pake, ndinalemba nkhani yake m'Chingerezi ndi m'Chichewa, ndinaika mtengo wa malata ndi matabwa monga anatiuzira kalipentala, n'kutsegula peji. Sabata yoyamba palibe anaponya ngakhale kwacha. Ndinazindikira kuti anthu sapereka pa peji yopanda kanthu, choncho ndinapempha a limana kuti ayambe okha, aliyense kochepa kake, n'kutumiza linki kwa abale awo. Zinayamba kudontha: a ku Joni, a ku Lilongwe, nesi wina wa ku Ireland amene anakulira ku Namiyango. Lachisanu lililonse ndinkalemba pa peji kuthokoza aliyense pomutchula dzina.

Zonse zinkafikira mufoni. Azimayi ambiri a limana ali mu banki m'khonde, kumene bokosi limakhala ndi maloko atatu ndipo makiyi amasunga anthu atatu osiyana. Atamva kuti ndalama za mufoni zimatsegulidwa ndi pini ya manambala anayi, anati basi, manambala anayi, anthu anayi. Tsiku loika pini aliyense analowetsa dzanja pansi pa chitenje n'kudina nambala yake: yoyamba bambo Laurenti, wapampando, yachiwiri mayi Sophie, ogulitsa tomato, yachitatu a Idah, aphunzitsi a mkombaphala, yachinayi ine. Foni inkagona m'bokosi la chifanizo, pakuti ndani angapise dzanja m'menemo? Ndipo poti unali Okutobala, mwezi wa korona, chifanizocho chinkayenda nyumba ndi nyumba, masiku atatu pakhomo lililonse. Kuyambira Lolemba chinali kwathu.

“Kwanu konkuno!” anakuwa mayi Sophie nditawerenga mokweza. “Foni ili m'nyumba mwanu, zala zodziwa kudina n'zako. Ife tikudziwa chiyani? Ana a masiku ano pini amaitsegula ndi maso okha.”

“Mayi anu anali kuti dzulo m'mawa?” anafunsa bambo Laurenti.

“Ku ntchito ku Limbe,” ndinayankha. “Amachoka faifi koloko.”

“Ndiye pakhomo munali nokha.”

Ndinavomera ndi mutu. Mayi anga anali atakhala pamphasa, atagwira pakamwa.

Bambo Laurenti anatseka bokosi pang'onopang'ono. Anati chifanizo chikupita kwa a Idah, ndipo Loweruka tidzakumana komweko. Pakapanda kuoneka ndalama kapena amene watenga, iwo eni adzanditengera kupolisi. Anthu akubalalika, mayi Angela anabwera n'kundikumbatira. Ankanunkhira makandulo ndi sopo wa mtanda.

“Usaope, mwana wanga,” anandinong'oneza. “Ungokhala chete. Izi ziphwa zokha.”

*

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala a Bernadeta. Si a mpingo wathu. Anagwira ntchito ya umatironi pa sekondale ina ya atsikana zaka makumi awiri, ndipo mpaka lero aliyense amawatchula a Matironi. Amagulitsa mafilizi ndipo bondo limodzi limawavuta. Lachinayi m'mamawa anandipeza ndikusesa malo amodzimodzi kachitatu.

“Iwe mtsikana, dothilo lakulakwira chiyani? Bwera kuno.”

Ndinapita. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

“Waba?”

“Ayi.”

“Ndakumva. Ine ndathera moyo wanga wonse kufufuza amene waba sopo wa mnzake. Wakuba akamakana amayang'ana m'maso mwako kuti aone ngati wakhulupirira. Iwe ukuyang'ana zala zako. Koma pali chimene wabisa, chimenecho ndiye ndachiona. Tidzafikapo. Tenga ambulera yangayo, tikaone anthu ako a manambala.”

Bambo Laurenti tinawapeza pakhonde akupukuta njinga. Anachokera ku Nsanje kalekale kudzagwira ntchito ya ulonda, ndipo akakwiya Chisena chimatuluka chokha.

“Nambala yanu munauza munthu?” anafunsa a Matironi.

“Nkhabe! Ine, wapampando? Ndi akazi anga omwe saidziwa.”

“Chabwino. Itchuleni mumtima tsopano lino. Mwaikumbukira?”

Madalawo anasiya kupukuta. Milomo inkayenda yokha.

“Ndi... dikirani. Ndi iyi yokhota iyi.”

“Sikisi kapena naini?”

“Mayi, musandiyese ngati mwana wa Sitandade 1.”

“Ndikungofunsa kuti tsiku logula malata mukanatani mutaiwala.”

“Ndinalemba pakapepala,” anatero mwaukali. “Ndinasungitsa pabwino. Kusungitsa si kuuza. Mukaika ndalama ku banki, mwauza banki chinsinsi chanu?”

“Banki yanuyo ili ndi dzina?”

“Ndi munthu wopemphera. Kumutchula pankhani yonyansa ngati iyi ndi tchimo. Takhuta, pitani bwino.”

Anatembenuka n'kupitiriza kupukuta tcheni chimene chinali chowala kale.

*

Mayi Sophie amakhala pakhomo la msika, tomato atamuunjika m'milu. Atationa anayamba kulankhula tisanafike.

“Eee, mwabweretsa loya? Ine ndanena kale. Nambala yanga ili muno,” anadzimenya pachifuwa, “ndipo ndidzapita nayo kumanda. Olo abambo mfumu andifunse mu kulapa.”

“Tomatoyu bwanji?” anafunsa a Matironi.

“Thu handiredi mulu.”

“Ndipatseni umodzi. Onanitu meseji iyi, mwana wanga wanditumizira, magalasi ndaiwala. Akuti abwera liti?”

Mayi Sophie anatenga foni ya a Matironi, anaitalikitsa, anaiyandikitsa, anatsinzina diso limodzi.

“Aaa, tizilembo ta mufoni ine ayi. Timangoyenda ngati nyerere. Mupatseni wakuba wanuyo akuwerengereni.”

Zinandiwawa, koma a Matironi sanatekeseke. Anasankha tomato wawo mmodzimmodzi.

“Ndiye tsiku lija pansi pa chitenje munadina bwanji, poti mabatani simuwaona?”

“Ndinathandizidwa. Chachilendo n'chiyani? Ndinanena nambala imene ndikufuna, wina anandigwira chala n'kuchiika pamalo pake.”

“Wina uti?”

“Amene anatigwirira chitenje. Nanga mukufuna ndiitane munthu wa mumsewu?”

“Ndipo anakugwirirani chitenje ndani?”

Mayi Sophie anatiyang'ana ngati tafunsa dzina la phiri la Bangwe.

“Mayi Angela, nanga ndani?”

Ambulera inandipulumuka m'manja n'kugwera pa tomato.

*

Kwa a Idah tinafika nthawi ya phala. Ana anali pamzere pansi pa lona, aliyense ndi kapu yake. A Idah ndi munthu wofatsa, amalankhula ngati akunyengerera mwana wolira, ndipo anali yekhayo amene anandipatsa moni pondiitana dzina.

“Ursula, wadya koma? Ine sindikuti ndiwe. Ndikungoti zachitika zomvetsa chisoni.”

“Mwezi watha munapita kumaliro ku Chikwawa,” anatero a Matironi.

“Eya, a malume anga. Ndinakhalako masabata awiri.”

“Kalipentala akanabwera inu muli kumeneko, anzanu akanatapa bwanji ndalama?”

“Ndinaliganizira limenelo. Sindinafune kuti ana azinyowa chifukwa cha ine. Ndiye ndinasiya nambala yanga kuti mwina ingafunike.”

“Kwa mayi Angela.”

A Idah anasiya chipande m'phala.

“Mwadziwa bwanji? Koma musaganize zimenezo, chonde. Sukulu ino anaiyambitsa ndi iwo. Nkhuni zophikira phalali zaka zonsezi amagula ndi ndalama zawo. Nambala ya pini anaikana okha pamaso pa tonse, anati za manambala zimawapweteka mutu. Ndipo yangayo inali imodzi yokha. Imodzi ingatsegule chiyani?”

“Palibe,” anavomereza a Matironi. “Imodzi siingatsegule kanthu.”

Pobwerera tinayenda mpaka pa mlatho. Pamenepo a Matironi anaima kupumitsa bondo.

“Aliyense ankayesa kuti ndi iye yekha wasungitsa,” anatero. “Madala aja sanatchule dzina, koma munthu wopemphera wa m'dera lino tonse tikumudziwa. Ndiye zitatu zili m'thumba limodzi. Koma loko ameneyu ali ndi makiyi anayi.”

Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana madzi akuda a mumtsinje ndi majumbo oyandama.

“Yanga sindinauze munthu,” ndinatero.

“Chabwino,” anayankha. “Mawa tikaone ejenti.”

*

Ejenti wa pamsika dzina lake ndi Sulaiman. Amakhala pansi pa ambulera yaikulu pafupi ndi siteji ya minibasi, mafoni atatu patebulo, kachipewa koyera pamutu. Lachisanu m'mawa anali pachangu chofuna kutseka msanga kuti akaswali ku mzikiti.

“Ya firii handiredi fifite sauzande ija? Ndikuikumbuka bwinobwino, mami. Inandimalizira kashi yense, mpaka ndinakabwereka kwa mnzanga uko. Ine kuno anthu amatapa ya ndiwo, ya thiransipoti. Ija inali ya bwana.”

“Amene anabwerayo ndi uyu?” A Matironi anandikankhira kutsogolo.

Sulaiman anandiyang'ana n'kuseka.

“Sisi awa? Ayi ndithu. Anali mayi wamkulu. Manja okwinyika. Foni sankaidziwa ndi pang'ono pomwe, zonse ndinawadinira ine, iwo anangoika pini. Anatulutsa buku la nyimbo m'chikwama, akuwerenga imodzi, kudina, kuwerenga ina, kudina. Ndinati mami fulumirani nthawi isanathe, tingayambirenso.”

“Nkhope?”

“Aaa, pamenepo musandinamizitse. Anafunda chitenje kumutu poti kunali dzuwa. Chitenje cha Maria chabuluu chija. Lamulungu amadutsa pano handiredi ovala chomwecho, onse amafanana.”

“Anasaina?”

“Aliyense amasaina.” Anatsegula buku lake, anayendetsa chala, n'kulitembenuzira kwa ife. “Apa.”

Zilembo zinali zopendekera kumanzere, zolembedwa mosamala ngati za munthu amene anaphunzira kwa asisitere. Ndinkazidziwa. Zinali pa envelopu iliyonse ya fizi imene ndinapita nayo kusukulu zaka zinayi. Ndipo dzina limene zinalemba pamenepo linali langa: Ursula.

Sindikumbuka mmene ndinachokera patebulo paja. Ndinangozindikira ndakhala pa mwala kuseri kwa chigayo, a Matironi ataima patsogolo panga kunditchinga kwa anthu.

“Mnyamatayu wakuchotsa pa ambulera yake,” anatero, “koma sanakuchotse m'mlandu. Mawa a Sophie adzati unatuma munthu. Nkhope sanaione. Ndafunsa mboni zinayi, yatsala imodzi, ndipo ndi imene yakhala ikundinyamulira ambulera. Lachiwiri teni koloko unali kuti?”

Apa ndiye pamene ndiyenera kulemba zoona, chifukwa kuyambira Lachitatu lija ndinkadziwa. Sindinkafuna kudziwa, koma ndinkadziwa, monga munthu amadziwira dzino lobooka n'kumatafunira mbali inayo.

“Ndinali pa kiyosiki,” ndinatero. “Madzi anali atasiya masiku awiri, atabwera mzere unali wautali. Ndinakhalako ola ndi theka.”

“Nyumba unakhoma?”

“Ayi.”

“Chifukwa?”

“Munali munthu. Mayi Angela amapita kulikonse kumene kuli chifanizo, m'mawa uliwonse, kukasintha maluwa ndi nsalu. Anandiuza kuti pita ukatunge, ine nditsala ndikupemphera. Nditabwerako ndinawapeza atagwada pomwe ndinawasiya.”

“Bambo Laurenti atafunsa ngati unali wekha, bwanji unavomera?”

“Iwo aja si mlendo kwathu. Ndi amayi anga.”

“Ndipo nambala?”

Ndinalira kaye. A Matironi anadikira, sanandigwire, sananditonthoze.

“Lolemba masana ankandiluka tsitsi pakhonde pawo. Anati, mwana wanga, iwe mayeso wakhoza, ndikudziwa, ukupita ku koleji. Nambala ija idzapita nawe, ife tidzatsala tikuyang'ana foni. Undisiyire. Ndinasangalala kuti akundiona ngati wa ku koleji. Ndinawauza. Ndinabwerezanso kawiri kuti amve bwino.”

“Basi,” anatero a Matironi. “Zakwana zinayi. Ndipite nawe?”

“Ayi. Ndipita ndekha.”

*

Mayi Angela ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akusita nsalu yoyera ya chifanizo ndi ayironi ya makala. Atandiona anamwetulira.

“Mwana wanga! Khala apa. Pali mbatata m'poto.”

Sindinakhale. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, koma anatuluka ochepa.

“Amayi, ndaona buku la Sulaiman.”

Ayironi inaima. Kenako inayambanso kuyenda, kumakona, pang'onopang'ono.

“Wauza ndani?”

Ndinkayembekeza kuti akana, kapena alira, kapena andikalipira kuti ndawaganizira zoipa. Ndikanakonda atandimenya mbama. Koma anangofunsa zimenezo.

“A Matironi akudziwa.”

“Amenewo si a limana, mawu awo sapita patali.” Anaika ayironi pa njerwa. “Tamvera, Ursula. Mwana wanga Jonas ali m'manja mwa apolisi ku Joni. Mapepala ake anatha. Lolemba anandiimbira munthu wina, akuti tikapanda kutumiza ndalama sabata ino mwana wanga amupititsa kumalo kumene anthu amadwala n'kufa. Ukanakhala iwe ukanatani? Ndi mwana mmodzi yekha amene ndinabereka.”

“Mukanapempha limana.”

“Ndikagwade pamaso pa Sophie? Aziimba nkhani ya mwana wanga pamsika ngati mtengo wa tomato? Ndibweza. Jonas akatuluka agwira ntchito, tibweza mwakachetechete, denga likhomedwa.”

“Nanga dzina langa? Munalemberanji dzina langa?”

Anandiyang'ana modabwa ndithu, ngati ndafunsa chinthu chodziwikiratu.

“Mnyamata uja anati sainani dzina la mwini foni. Aliyense amadziwa kuti za foni ndi iwe.” Anandigwira dzanja, ndipo dzanja lawo linali lofunda ndi ayironi. “Iwe ndiwe mwana. Mawa ungonena kuti unkayesa kudina zina n'kulakwitsa, ndalama zinapita kwa munthu wosamudziwa. Akukalipira, ine ndiimirira n'kukupepesera, bambo Laurenti sangandikanire. Pakatha chaka aiwala. Koma ine, ndi imvi izi, ndi sikapulari ya Amayi Maria iyi pakhosi, anditchule wakuba? Ndingalowenso m'tchalitchi?”

“Akanditengera kupolisi?”

“Sangatero ine ndilipo. Kodi ndinakusiyapo liti? Ndani anakunyamula pa ubatizo? Ndani anagulitsa makina ake osokera iwe uli Fomu 3? Sindinakuwerengerepo ndi tsiku limodzi. Lero ndikungopempha kamodzi kokha.”

Zonse zimene ananena zinali zoona. Makina aja ndinkawadziwa, ndinaphunzirira pomwepo kusoka mpendero. Ndinachotsa dzanja langa pang'onopang'ono kuti asamve ngati ndalikoka.

“Tenga mbatata,” anatero ndikutuluka. “Wawonda.”

*

Loweruka masana pabwalo la a Idah panadzaza kuposa masiku a korona. Ena sindinawaonepo m'limana chiyambire. Chifanizo chinali patebulo, pansalu yosita bwino, maluwa atsopano m'mabotolo awiri. Mayi Angela anakhala kutsogolo, korona m'manja. Mayi anga anakhala kumbuyo kwenikweni. Sindinawauze kanthu, ndinkaopa nkhope yawo. A Matironi anakhala kunja kwa mpanda pa mpando umene anabwera nawo okha, poti si msonkhano wa mpingo wawo.

Titapemphera, bambo Laurenti anaimirira.

“Ursula, masiku atatu aja atha. Uli ndi mawu?”

Ndinaimirira. Mayi Angela anandiyang'ana n'kugwedeza mutu pang'ono, mondilimbikitsa, monga ankachitira ndikamawerenga mawu a Mulungu pa Misa ya ana.

“Ndinalakwa,” ndinayamba.

“Ndinanena ine!” anatero mayi Sophie.

“Ndinalakwa chifukwa tinapangana kuti nambala ndi ya munthu mmodzi, koma ine yanga ndinauza wina.” Mawu ankatuluka ang'onoang'ono, anthu a kumbuyo anayamba kusendera. “Si ine ndekha. Bambo Laurenti analemba yawo pakapepala n'kusungitsa. Mayi Sophie anagwiridwa chala. A Idah anasiya yawo popita kumaliro. Tonse anayi tinapereka kwa munthu mmodzi. Lachiwiri m'mawa ndinamusiya yekha m'nyumba mwathu ndi bokosi ili, ine n'kupita kukatunga madzi. Sulaiman wa pamsika ali ndi buku, aliyense akhoza kukaona zilembo zake.”

Bambo Laurenti anavula chipewa chimene anali atangovala.

“Kapepala kanga,” anatero chapansipansi, osayang'ana aliyense. Kenako anatembenuka. “Mayi Angela, kapepala kanga kaja kali kuti?”

Ine dzina sindinalitchule. Nthawi zina ndimadzitonthoza nazo zimenezo, koma ndikudziwa kuti n'chimodzimodzi.

Mayi Angela anatambasula manja. Korona inagwa. Kenako anatsetsereka pa benchi n'kugwada m'fumbi, manja pamutu, n'kuyamba kulira mokuwa ngati pamaliro.

“Jonas wanga! Jonas mwana wanga, akundiphera ku Joni! Ndikanatani ine, abale anga? Amayi Maria, inu munaona mwana wanu akuzunzika, ndikanatani?”

Woyamba kudzuka anali a Idah. Anathamanga kukawagwira mapewa. Kenako ena awiri, kenako mzere wonse wakutsogolo. Wina anakatunga madzi, wina ankawakupiza ndi buku la nyimbo. Ndinamva mawu akuti “pepani, pepani amayi,” ndi ena akuti “mwana ndi mwana, aliyense akanatero.” Bambo Laurenti anakweza dzanja kuti anthu akhale chete, koma palibe anawamvera. Pomaliza anangonena, kwa iwo amene anali pafupi, kuti za kupolisi zatha, nkhaniyi ikambidwa ndi akuluakulu okhaokha mwaulemu.

Mayi Sophie anadutsa pafupi nane atanyamula kapu ya madzi. Ndinkayesa kuti apepesa. Anaima, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu.

“Iwe ulibe mwambo. Munthu wakuphunzitsa sukulu, ungamuvule pagulu chonchi? Sukanatiitanira pambali?”

Ndinali ndikadaimirira pamalo pomwe paja. Palibe anandiuza kuti khala pansi. Ndinayang'ana kumbuyo kumene kunali mayi anga kuti mwina tizipita, koma pamphasa panalibe munthu. Ndinawapeza ndi maso pakati pa gulu lija. Anali atagwada, akuwapukuta mayi Angela fumbi la m'mawondo ndi nsonga ya chitenje chawo.